Christopher Belmont amayenda ngati wasenza thumba, koma musiyeni choncho

Mukafunsa anthu okonda magemu akale kuti pa ma Castlevania onse, magemu aja osaka Dracula, yoipitsitsa ndi iti, ambiri sachedwa nkomwe, amaloza ya pa Game Boy ija ya 1989, Castlevania: The Adventure. Akuti ndi yochedwa, akuti ndi yankhanza, akuti a kampani ya Konami anangoiphika mothamanga kuti apezeke nawo pa msika kamakinako kadakali katsopano. Ndipo sakunama ayi, zambiri mwa zimenezo nzoona. Koma ine ndakhala nayo ndithu kuno ku Joni ndipo ndikufuna ndiiyankhulireko, osati kuti ndi yabwino kuposa zinzake, ayi, koma kuti chinthu chimene anthu amadana nachocho ndi chomwe chimaipatsa mantha ake. Dracula wa mmenemo saopsa olo pang'ono. Choopsa ndi miyendo ya munthu amene ukumuyendetsayo, Christopher Belmont.

Kwa amene tinakulira kumudzi kuja kapena ma Ndirande ndi ma Kawale, Game Boy sitinkaidziwa kwenikweni. Chathu chinali brick game ija yolembedwa kuti muli magemu 9999 pamene ukalowamo ndi njerwa zomwezo zikungosintha liwiro, nde mwana mmodzi m'kalasi monse ndi amene mwina anali ndi Game Boy yeniyeni yomwe anamutumizira achibale akunja, enafe kumangosuzumira pa phewa mpaka khosi kuwawa. Kumbukani kuti TV ya dziko lathu inayamba 1999, zinthu ngati izi zinkatipeza mochedwa komanso kudzera m'zikwama za anthu obwerera kuchokera konkuno. Kamakinaka anakatulutsa a Nintendo ku Japan mu April 1989, ku America mu July chaka chomwecho, ndipo amene ankatsogolera gulu lokapanga anali Gunpei Yokoi, mkulu amene ankakhulupirira kuti bola zipangizo zotchipa zoti zayesedwa kale kusiyana ndi kuthamangira zamakono zodula. Nchifukwa chake sikirini yake ndi yobiriwira motuwa, timadontho 160 chopingasa ndi 144 chotsika, ndipo zonse zomwe ingajambule imajambula ndi mithunzi 4 basi, kuyambira poyera mpaka pakuda. Ilibenso nyale mkati, mumdima suona kanthu. Imadya mabatire 4 a AA. A Sega atatulutsa Game Gear yoonetsa mitundu mu 1990 zinkaoneka ngati Game Boy yatha basi, koma ija inkameza mabatire 6 m'maola ochepa chabe pamene iyi umatha nayo masiku, ndipo mapeto ake Game Boy pamodzi ndi mng'ono wake Game Boy Color anagulitsa makina oposa 118 miliyoni.

Ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni m'tauni chapafupi ndi Small Street, kashopu kogawana anthu angapo, aliyense ndi tebulo lake. Yanga ndinaipeza pa msika wa zinthu zakale tsiku lina Lamulungu, m'katoni momwe munali ma charger akufa ndi ma remote opanda eni, amayi ogulitsawo anati sikuyaka tengani ndi kakaseti kake komwe. Mabatire anali atavundira mkati, ufa woyera uja utadzaza pa masipuling'i, ameneyo mankhwala ake ndi viniga pang'ono ndi mswachi wotha kenako spiriti. Masikuluwu ake kumbuyo alipo 6 ndipo mutu wake ndi wa nthambi zitatu, sikuludiraiva wamba amangoterereka. Itayaka, sikirini inali ndi mizere yoimirira yosowa mbali zonse ziwiri, limeneli ndi vuto lodziwika la makina amenewa, kalamba kolumikiza galasi ndi bolodi kamamasuka ndi ukalamba. Umachotsa ka labala kali m'munsi mwa galasi, kuyatsa makina, kupotoza kagudumu ka contrast mpaka sikirini yonse ide, nde kumayendetsa soldering iron pang'onopang'ono pamwamba pa kalambako osaima malo amodzi, mizere ija imayamba kubwerera umodzi umodzi uku kakuzizira. Palibe foni yomwe inandisangalatsapo kukonza ngati mmene kanandisangalatsira kameneka. Kenako kakaseti, ukayatsa dzina la Nintendo limatsika kuchokera pamwamba nkulira kuti ting, likatsika lophwanyikaphwanyika ndiye kuti timano ta kakaseti tada. Musamauzire ndi pakamwa mmene tinkachitira muja, mpweya wa mkamwa ndi wonyowa umabweretsa dzimbiri, thonje ndi spiriti basi.

Nkhani ya gemuyi ndi yaifupi, mkati mwa gemu momwemo sakuuzanso chilichonse, ukangodina Start wapezeka panja pafupi ndi manda chikwapu chili m'manja. Chaka ndi 1576, iwe ndiwe Christopher Belmont, kholo la Simon Belmont uja wa mu Castlevania yoyamba yomwe Konami anatulutsa mu 1986, ija nkhani yake imachitika 1691. Banja limeneli ntchito yake ndi imodzi, Dracula akadzuka wina wa iwo amatenga chikwapu cha makolo nkupita kukamugoneka. Ku Japan gemuyi inatuluka mu October 1989, ku America mu December, ndiye tinganene kuti ndi imodzi mwa magemu a chaka choyambirira cha Game Boy, nthawi yomwe opanga magemu anali asanakadziwe bwino kamakinako kuti kamatha ziti ndipo kamakomoka pati. Masiteji alipo 4 okha. Gemu yonse ndi 64 KB, chithunzi chimodzi chomwe mwajambula ndi foni yanu lero chikhoza kumeza magemu otere ambirimbiri.

Tsono mayendedwe. Christopher amayenda ngati munthu amene wasenza thumba la chimanga akupita ku chigayo chokwera phiri, phazi limodzi, kupuma, linzake. Palibe batani lothamangira. Mabatani ndi awiri, lina kudumpha lina kukwapula. Kudumpha kwake nakonso ndi kwa munthu wolemera, sapita patali ndipo potsika amangoti phi. Anthu ambiri amasiyira pompa, mphindi ziwiri zoyambirira, ndipo sindiwanena.

Amene mumadziwa ma Castlevania ena mudabwa ndi zomwe mulibe muno. Mulibe nkhwangwa, mulibe mpeni, mulibe madzi odalitsa, mulibe mtanda woponya uja, zida zonse zapadera anazichotsa kungosiya chikwapu. Timitima tomwe m'magemu enawo timakhala ngati zipolopolo za zidazo, muno timabwezeretsa moyo, zomwe kunena zoona ndi zomveka bwino kuposa zinazo. Mtanda ukaupeza m'kandulo umakuteteza kwa kanthawi kochepa kuti chilichonse chisakupweteke. Masitepe mulibenso, m'malo mwake muli zingwe, ndipo uli pa chingwe sungakwapule, umangolendewera pamenepo kudikira chikupeze. Pamwamba pa sikirini pali wotchi yomwe ikuwerenga chobwerera, ikafika pa ziro wafa olo moyo uli wodzaza.

Koma lamulo lomwe limapweteka anthu mtima ndi la chikwapu. Umayamba ndi chachikopa, chachifupi, chofooka. Ukamenya makandulo ena mumagwa kampira kowala, ukatola kamodzi chikwapu chimasanduka tcheni, chachitali komanso champhamvu, ukatola kachiwiri tcheni ija imayamba kulavula moto kunsonga womwe umauluka mpaka kumapeto kwa sikirini. Pamenepo ndiwe mfumu, zilombo zikufa zisanakuyandikire. Ndiye chinthu chikangokukhudza kamodzi kokha, moto wapita. Kachiwiri, tcheni yapita, wabwerera pa chikopa. Kutanthauza kuti nthawi yomwe zakuvuta, yomwe ukufunitsitsa thandizo, ndi nthawi yomwe gemu imakulanda chomwe unali nacho. Wosewera bwino imamufewetsera, wovutika imamuwonjezera katundu. Opanga magemu a masiku ano anganene kuti kumeneko ndi kulakwitsa, ndipo mbali ina akhoza kukhala akulondola, koma taonani zomwe zimachitika m'mutu mwako ukakhala ndi chikwapu cha moto chija. Suyendanso mwachisawawa. Ka mbalame kamodzi kouluka mokhotakhota kamakuimitsa, umabwerera m'mbuyo, umawerenga kaye. Moyo uli wodzaza bwinobwino koma ukuopa, chifukwa chomwe ukuteteza si moyo ayi, ndi chikwapucho.

Mwana wa achemwali anga anabadwira konkuno, ali ku pulayimale, Chichewa amamva koma kuyankha amasakaniza ndi Chizulu, magemu ake ndi a pa foni othamanga aja omwe ine ndikangoyang'ana maso amachita chizungulire. Ndinamupatsa kuti ayese. Anafika chakumapeto kwa siteji yoyamba pomwe pali timiyala topapatiza tondondozana toti uzidumpha kuchoka pa kena kupita pa kena, ndipo kuti ufike umayenera kuima kumphepete kwenikweni, phazi limodzi lili kale m'malere, ukadumpha msanga ndi kadontho kamodzi wagwa ukayambirenso. Anagwa, anagwanso, kenako anandiyang'ana.

"Ankolo, yawonongeka iyi, munthuyu sakumva."

"Akumva mphwanga, iweyo ndi amene ukufulumira."

"Nanga bwanji sakuthamanga?"

"Sathamanga ameneyo, ndi mmene alili."

Anaiponya pa mpando nkubwerera ku foni yake. Koma madzulo ake ndinamupeza wayatsanso yekha ali pa windo kusaka kuwala, lilime lili panja, ndipo atadutsa timiyala tija anakuwa mpaka amayi ake anatuluka ku khitchini ndi mthiko m'manja. Chimdani chakumapeto kwa siteji imeneyi ndi chimunthu chovala zitsulo thupi lonse chonyamula mkondo, dzina lake Gobanz, ukafika ndi tcheni sichilimba ayi. Mu siteji yomweyi mulinso kachipinda kobisika, pali chingwe china choti ukafika pamwamba pake usaleke kukwera, umalowa m'denga momwemo nkupeza makandulo a ulere. Ameneyo ndinamuuza ine, ankolo amayenera kukhala ndi kenakake kodziwa.

Siteji yachiwiri ndi m'mapanga, muli njira zogawikana zoti ukhoza kusochera wotchi ikutha. Chomwe ndimachikonda mmenemo ndi zimaso, inde maso enieni, akuluakulu ngati munthu, opanda thupi, amangogubuduzika kubwera kwa iwe. Ukalikwapula limaphulika. Pa nthaka palibe vuto, koma pali mlatho wina pomwe likaphulikira pamenepo limagumula mlathowo nkusiya bowo, nde iwe amene gemu yonse yakuphunzitsa kuti chilichonse choyenda uzichimenya, apa ukamenya ukudzikumbira wekha dzenje. Umayenera kuwadumpha. Ndi ka nzeru kabwino kwambiri ndipo akukuphunzitsa popanda liwu limodzi lolembedwa. Mulinso tizinthu tomera pansi tokhala ndi kukamwa kokha tomwe timalavula mipira yonjanja m'makoma, timeneto ndi takuba chikwapu tenitweni. Kumapeto kumatuluka zilombo zokhala ngati mfuko m'mabowo a khoma, china uku china uko, basi.

Siteji yachitatu ndi yomwe ndinalembera nkhani yonseyi. Adani mmenemo ndi ochepa, mdani ndi nyumbayo. Poyamba denga lodzaza zisonga zachitsulo limatsika kuti likupsinje. Ukapulumuka pamenepo umafika poti uyambe kukwera, zingwe, timiyala, zingwe zina, ndipo ukangoyamba pansi ponse pamasanduka zisonga nkuyamba kukwera kukutsatira. Sizithamanga, zimangobwera mwa phee, liwiro lake analiyeza kuti lingotsala pang'ono kufanana ndi lako. Ukazikhudza palibe zoti moyo wachepako, wafa pompo. Nde tangoganizani, munthu uja tinkamuseka kuti ndi wochedwa tsopano ali pa chingwe akukwera dzanja limodzi limodzi, iwe chala chakanikiza batani mpaka chikhadabo chayera ngati kuti ukakanikiza kwambiri afulumira, mmunsi mwa sikirini nsonga zija zayamba kuonekera, kutsogolo kuli kambozi kakukwawa pa mwala womwe ukufuna kuterapo ndipo sungakamenye uli pa chingwe. Kandulo ili apo pambali, mwina muli mtima, mwina muli kandalama chabe, kukaitenga ndi masekondi awiri omwe ulibe. Ukafika pamwamba nkupuma kuti ndapulumuka, khoma la kumanja nalonso limamera zisonga nkuyamba kukuthamangitsa cha kumanzere, ndipo njira yake ndi yokhotakhota yoti pena umayenera kubwerera cha komwe kukuchokera khomalo kuti upeze potulukira.

Christopher akanakhala wothamanga ngati Mario, siteji imeneyi ikanakhala masewera chabe. Imagwira ntchito chifukwa ndi wolemera. Aliyense analotapo maloto aja oti chinthu chikukuthamangitsa koma miyendo ikukana, ndipo sindinaonepo gemu ina yakale yomwe inawagwira maloto amenewo ngati mmene anachitira apa, pa sikirini yaing'ono kuposa chikhatho. Chimleme chokhala ngati munthu chomwe chimakudikira kumapeto chimakhala ngati tchuthi.

Sindikunena kuti a Konami anakhala pansi nkupangana kuti tiyeni tichedwetse dala kuti anthu aope. Kuchedwa kwina ndi kwa makina. Ubongo wa Game Boy umayenda pa 4.19 MHz, RAM yake ndi 8 KB, ndipo muno zinthu zikachuluka pa sikirini gemu yonse imayamba kukoka, ngakhale kuchedwa kwa masiku onse kuja kumachedwanso. Komanso galasi la Game Boy yoyamba limasiya chithunzithunzi, chinthu chikayenda mwachangu chimapakika osaonekanso bwino, ndiye magemu ambiri oyambirira ankayenda modekha. Koma magemu omwe anabwera pambuyo pa makina omwewa anaonetsa kuti zinali zotheka kufulumirako, nde mbali ina ndi yoti anyamatawo anali akuphunzira. Chondiseketsa nchoti mmodzi mwa omwe analemba pulogalamu ya gemuyi, Masato Maegawa, anachoka ku Konami nkukayambitsa kampani ya Treasure mu 1992, ndipo gemu yawo yoyamba, Gunstar Heroes ya 1993, imadziwika ndi liwiro komanso zinthu zophulika sikirini yonse. Kaya anali kulipira ngongole.

Pa nyimbo pokha ngakhale odana nayo amavula chipewa. Game Boy ili ndi mawu 4 okha oti iimbire, awiri olira mokuthwa, amodzi oti wopanga amawaumba yekha omwe nthawi zambiri amagwira bezi, ndi amodzi a phokoso omwe amakhala ng'oma. Ndi zimenezo anapanga nyimbo ya siteji yoyamba yomwe imathamanga kuposa mwini gemu, imakukoka kuti tiye tiye pamene iye akukwawa. Ka sipika ka makinawa nkamodzi, koma mukalowetsa ma earphone mumamva mbali ziwiri, yesani mudzandiuza.

Nthawi ija magetsi ankazima maola ambirimbiri pa tsiku, 2022 ndi 2023, Game Boy inali mfumu pa fulati pathu chifukwa mafoni onse amakhala atafa kapena tikusungira batire ya mawa. Vuto ndi lija ndanena, ilibe nyale. Nde ndimakhala pa tebulo la ku khitchini kandulo ili pambali, makina nditawapendeketsa kuti kuwala kugwere pa galasi koma lawi lisaonekeremo, lawi likagwedezeka ndi mphepo ya pa khomo Christopher amasowa nkubweranso, uku mkati mwa gemumo ntchito yanga ndi yothyola makandulo. Phula linadonthera pa batani la B tsiku lina, ndinachita kupala ndi lezala.

Ndi usiku wina wotero pomwe madala ena omwe timakhala nawo, a ku Phalombe, omwe akhala kuno zaka zambiri akugwira ntchito za m'magadeni chakumpoto kwa mzindawu, anasuzumira nkufunsa kuti kodi mphwanga chikukusowetsa tulo ndi chani. Ndinawafotokozera kuti ndikusaka mfumu ina yoyamwa magazi a anthu. Anakhala kaye chete nkufunsa kuti, "Anamapopa?" Ndinati eya madala, koma a azungu. Anafunsa kuti amakhala kuti, ndinati ali ndi chinyumba chake chachikulu pamwamba pa phiri, aliyense amachidziwa. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti ameneyo si namapopa, namapopa wake uti wokhala ndi adiresi.

Ndipo anakhudza penipeni. Dracula wa m'magemuwa anachokera m'buku la Bram Stoker la 1897, yemwe anabwereka dzina kwa Vlad, wolamulira wa ku Wallachia wa zaka za m'ma 1400, dera lomwe lero lili mu Romania. Ndi bwana wa mwinjiro, ali ndi malo ake, ali ndi malamulo ake, amaopa mtanda, amaopa dzuwa, ukamufuna umadziwa msewu wake. Athu aja sali choncho. Palibe amene anawaonapo nkhope, amanenedwa kuti amabwera usiku ndi mapaipi ndi mankhwala ogonetsa, ndipo nthawi zonse kumbuyo kwake kumatchulidwa boma kapena anthu a ndalama kapena alendo. Pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, 1968 mpaka 1970, mphekesera inali yoti magazi akutumizidwa kuno ku South Africa kubweza ngongole. Chakumapeto kwa 2002, nthawi ya njala, zinabukanso kummwera, akuti boma likusinthanitsa magazi ndi chimanga cha thandizo, a Muluzi anachita kutsutsa poyera. Mu 2017 zinayambira ku Mulanje ndi Phalombe mu September nkufalikira ku Thyolo, Chiradzulu, Nsanje mpaka mu Blantyre, anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, a United Nations anachotsa antchito awo m'maboma ena, a Peter Mutharika anachita kupita okha kukayankhula ndi anthu. Namapopa olo mmodzi sanapezeke. Omwe anafa anali anthu wamba, ena ongodutsa, olakwa chifukwa nkhope yawo sinkadziwika pamudzipo. Madala aja anangoti ifeyo kuno tikuzidziwa bwino zokhala nkhope yosadziwika anthu atakwiya, anali konkuno mu May 2008 ziwawa zothamangitsa alendo zitayambira ku Alexandra. Sanapitirize ndipo ine sindinafunse.

Nde mukaika Dracula wa pa Game Boy pambali pa zimenezo, ndi kamunthu komvetsa chisoni. Siteji yachinayi ndi mkati mwa nyumba yake, yaitali, yovuta, chimunthu cha zitsulo chija chomwe chinali bwana mu siteji yoyamba muno chimangopezeka m'njira ngati mlonda wamba ndipo chilipo chambiri, zisonga zimatuluka m'makoma nkubwerera ndipo pena umayenera kuponda pamwamba pake ngati masitepe. Ukafika kwa mwini nyumba, amangosowa apa nkuonekera apo pa timiyala, kumwaza mipira mbali zosiyanasiyana, ukaloweza poima basi watha. Kenako amasanduka chimleme chachikulu chouluka uku ndi uku chikutulutsa timileme. Chovuta si iyeyo, chovuta ndi kufika kwa iye uli ndi chikwapu chabwino, chifukwa ukafika ndi chachikopa uja ndi ulendo wautali. Password mulibe, kusunga mulibe, ukazimitsa kapena mabatire akatha uli pa siteji yachinayi mawa uyambira ku manda kuja. Ukamugonjetsa chinyumba chimagumuka Christopher akuonerera chapatali, kenako m'zigumukiremo mumatuluka mleme nkuthawa, ndiye kuti a Konami anali atawerengera kale ndalama za gemu yachiwiri.

Yachiwiriyo, Castlevania II: Belmont's Revenge ya 1991, ndi yabwino kuposa iyi pafupifupi pa chilichonse, pamenepo sinditsutsa. Nkhani yake ndi 1591, patapita zaka 15, Dracula walodza mwana wa Christopher ndipo bambo akukamulanditsa. Umasankha wekha nyumba yoyambira pa nyumba 4, zida zapadera zinabwerako, uli pa chingwe ukhoza kukwapula komanso kutsetsereka mwachangu, pali password, ndipo chikwapu sichimangothothoka ndi chilichonse chokukhudza. Anamva madandaulo onse nkukonza. Ngati simunasewerepo iliyonse yambani ndi imeneyo. Koma ine ndikaisewera ndimasangalala basi, mtima sugunda ngati mmene umagundira pa chingwe chija zisonga zikubwera. Pokonza zolakwika anachotsa ndi mantha omwe.

Pali yachitatu, Castlevania Legends, ya 1997 ku Japan, momwe umayendetsa mtsikana, Sonia Belmont, yomwe pambuyo pake Koji Igarashi, mkulu amene ankayang'anira magemu a Castlevania, anaichotsa pa mndandanda wa mbiri ya banjalo. Mu 2009 anapanganso The Adventure mwatsopano pa makina a Nintendo otchedwa Wii, ya mitundu, dzina lake ReBirth, koma inkagulitsidwa pa shopu ya pa intaneti ya Wii yokha yomwe inatsekedwa mu January 2019, nde pano mwanjira yoyenera sigulika. Yosavuta kupeza ndi Castlevania Anniversary Collection ya 2019, ili pa kompyuta, Switch, PlayStation ndi Xbox, mmenemo muli The Adventure ndi Belmont's Revenge zonse. Imalola kusunga paliponse, zomwe zimathandiza, koma pa siteji yachitatu yokha ndikupemphani musasunge pakati pa zingwe, mudzakhala mwaonera chabe osati kusewera.

Ofuna kakaseti kenikeni samalani, tabodza tadzaza m'misika ndi m'magulu ogulitsana zinthu pa Facebook. Kenikeni kamakhala ndi tinambala todindidwa mobooleza pa chipepala chakutsogolo, timaoneka ukakapendeketsa pa kuwala, sikuluwu yakumbuyo ndi ya mutu wozungulira wa timano osati ya mtanda, ndipo mukatsegula pa bolodi pamayenera kulembedwa Nintendo, mukapeza kadontho kakuda konga phula m'malo mwa chip yooneka bwino ndiye kuti akupusitsani. Ine chomwe ndikusaka pano ndi Legends, omwe ali nayo akutchula mitengo yoti ungalipire lendi. Ngati wina ali nayo m'kabati ku Rosettenville, Yeoville kapena kulikonse muno mu Joni ndipo sikuyaka, bwerani nayo tione, kukonza ndi kwaulere bola mundibwereke weekend imodzi. Ndipo chotsanimo mabatire mukamasunga makinawo, chonde.